"Zojambula zanga zikufanana ndi za aliyense pa Instagram, nditani?"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amajambula pa tabuleti, akuti anzake amamuuza kuti dzanja ali nalo koma zithunzi zake zikungofanana ndi za aliyense wa pa Instagram ndi Pinterest, ndiye akufunsa kuti sitayilo yakeyake aipeza kuti, komanso ineyo maganizo a zoti ndijambule ndimawatenga kuti. Anatumizanso zithunzi zinayi. Achemwali, ndachedwa kuyankha chifukwa funso lanuli linandigwira penapake, ndipo ndikuuzirenitu kuti ndilankhula zambiri, ngati bandulo ndi yochepa muwerenge usiku.

Zithunzizo ndi zabwino, pamenepo tisakangane. Mizere ndi yoyera, mitundu mumadziwa kusakaniza. Koma atsikana onse anayiwo ali ndi maso aakulu a anime, makatuni a ku Japan aja, kachibwano kosongoka, kamphuno kongodontheza, ndiye mwangowapaka khungu lakuda n'kuwamanga duku. Sindikunyoza ayi, tonse tinayamba ndi kukopera. A m'badwo wathu tinkakopera makatuni a m'nyuzipepala ndi zithunzi za akatswiri a karate zomata pakhomo pa video show, kumbuyo kwa kope la masamu kunkadzaza minofu yokhayokha mpaka aphunzitsi kutilanda makope. Kusiyana kwake n'koti ife zokopera zinali zochepa, zinkatha, ndiye umakakamizika kudzutsa mutu n'kuyang'ana zimene zili pafupi. Inu za mu foni sizitha.

Amene ananditsegula maso ine anali mdala wina wolemba zikwangwani pa trading centre ya kwathu, uja amalemba magolosale, masaluni, mabarbershop, ngakhale mawu a kumbuyo kwa minibasi. Sanapiteko ku koleji iliyonse. Loweruka ndinkamunyamulira zitini za penti iye n'kumandipatsa ya chipisi. Penti wake anali wamafuta uja wopakira zitseko, ankamusungunula ndi parafini m'botolo lodula pakati, ndipo bulashi ikayamba kunyankhalala ankaisenga ndi lezala kuti isongoke. Akapatsidwa ntchito ya barbershop sankayamba ndi kujambula ayi, ankakhala kaye pa benchi m'mawa wonse kumangoyang'ana anthu akumetedwa, mwini shopu mpaka kudandaula kuti kodi ndalemba ntchito munthu woti azingokhala. Akadzuka pamenepo, mitu imene inkatuluka pakhomapo inali ya anthu a pamsika pomwepo, nkhongo yotuluka ya uyu, makwinya a pakhosi a uyo, khutu lopindika la kondakitala wina amene aliyense ankamudziwa, moti anthu ankaima n'kumalozerana akuseka kuti eee uyu ndi ujeni uyu. Mukanayeza ndi malamulo a m'mabuku ophunzitsa kujambula thupi la munthu, mitu imeneyo inali yolakwika, makutu ali m'mwamba, makosi aatali. Koma ukaona chikwangwani chake uli mu minibasi ngakhale pa trading centre ina, umadziwa kuti dzanja ili ndi la mdala uja. Ndipo za sitayilo sindinamumvepo akukamba ndi tsiku limodzi lomwe.

Patapita zaka, nditayamba kudyera pensulo, bungwe lina linandiitana kuti ndikonzenso zithunzi za kabuku ka umoyo wa amayi ndi ana. Zoyambazo zinajambulidwa kunja ndi munthu waluso ndithu, zokongola zoti ukhoza kupachika pabalaza. Atapita nazo kumudzi kukaziyesa pa sikelo, amayi anangofa ndi phwete. Uthenga wa katemera palibe anaumva, onse maso anali pa mwana wa pachithunzi kuti agwatu ameneyu. Wojambulayo anamanga chitenje m'chiuno mwa mayi, mwana ali lende kumsana miyendo yoloza pansi. Ndiye ndinapita kukakhala pa sikelo pomwepo ndi kope langa, kumayang'ana mmene amaberekera. Mayi amawerama kaye n'kumuika mwana pamsana, kamkono ka mwanayo amakapana kukhwapa kuti asatererereke, kenako amaponya chitenje, mbali ina idutse paphewa ina kunsi kwa khwapa, mfundo n'kumanga pachifuwa. Matako a mwana amakhala m'thumba la nsaluyo, timapazi tiwiri timatulukira m'mbali mwa chiuno cha mayi kuloza kutsogolo, ndipo akagona mutu umapendekera mbali tsaya n'kuphwatalala pamsana. Ndiye pali kudzigwedeza kuja kamodzi mayi akamaweramuka, kumukankhira mwana m'mwamba asanamange mfundo. Zonsezi ndinabadwa ndikuziona, inenso ndinaberekedwa choncho, koma kuona chinthu tsiku lililonse ndi kuchiyang'ana uli ndi pensulo m'manja ndi ntchito ziwiri zosiyana. (Ndalama yake anadzandipatsa mochedwa kwacha itagwa kale, koma imeneyo ndi ya tsiku lina, ndikaiyamba pano sitimaliza.)

Chichokereni nthawi imeneyo ndikamva munthu akuti ndikusaka sitayilo ndimadziwa kuti akusakira mu foni. Ndinene mosapsatira, dzanja lanu laphunzira kwa zithunzi za anthu ena, silinaphunzire kwa anthu. Wojambula wa ku Tokyo anayang'ana zake, n'kuchotsa izi, n'kukokomeza izo, mpaka kutuluka nkhope ija, inu mukungotola pamene iye anathera osadziwa chimene anachotsa. Chimene anthu amachitcha sitayilo ndi zosankha zimene umabwereza osadziwa n'komwe, chimene umasiya, chimene umachikuza, pamene mzere wako umalemera, ndipo sungasankhe chosiya ngati chinthucho sunachione chonse. Ngakhale khungu lenilenilo. Pa zithunzi zanu ndi bulauni mmodzi kuyambira pachipumi mpaka kuphazi, koma kaimeni pa depoti masana a Okutobala muone, pachipumi ndi pamasaya pamagwa kuwala kokhala ngati kwa buluu, zikhatho n'zoyererako, kumapazi kuli mbuu ndi fumbi, ndipo wochokera kuchigayo mpaka nsidze zimayera.

Ine yangayo sindinaipeze ndekha, anachita kundiuza ndi mnzanga wina akuvundukula mafayilo anga akale, akuti bwanji anthu ako onse ali ndi manja ndi mapazi akuluakulu koma nkhope umangozidutsa. Ndinakana, kenako nditayala mapepala pansi ndinaona kuti akunena zoona, ndipo manja ambiri mmenemo ndi a mayi anga, zala zokhuthala zija zotola khala lamoto n'kuliika pa mbaula ina osapsa. Mpaka lero pali masiku amene ndimayang'ana ntchito yanga n'kumadzifunsa ngati ndi luso kapena ndi chizolowezi chabe choti ndikuopa kuchisiya, maka ndikaona achinyamata ngati inu mmene mumathamangira pa tabuleti. Funso limeneli silichoka, mungolizolowera.

Koma musathawirenso mbali inayo, chifukwa kumeneko ndiye kumandikwiyitsa kwambiri. Munthu akauzidwa kuti zojambula zako zilibe Umalawi, mawa lake waikapo mlambe, dzuwa likulowa panyanja, bwato, ndi mayi wosenza mtsuko. Zija zodzaza ku Cape Maclear ndi ku Lilongwe. Anyamata ogulitsawo sindiwada, akusaka ya ndiwo ndipo alendo amagula zomwezo, koma inu ndi liti munaona mtsuko pa mjigo? Ndi zigubu zayelo za mafuta ophikira ndi ndowa zapulasitiki zokhazokha. Mtsuko wa pachithunzipo nawonso ndi wokopera, kungoti wakoperedwa kwa mnzako wa benchi yoyandikana. Ndiye pali ena amangomata nkhope ya gule pa tisheti osadziwa n'komwe kuti ndi chilombo chanji ndipo chimatuluka pa mwambo wanji.

Ngati mungapeze ya thiransipoti pitani ku Mua, ku Dedza kumunsi cha ku Mtakataka. Kuli Kungoni, malo a zaluso amene anayambitsa Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, mu 1976, ndipo mu Chamare Museum muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400. Za kudambwe sindilowamo, si zanga zokamba pano, koma yang'anani ngati wojambula. Simoni, chilombo cha nkhope yofiira chija, anachipanga ndi munthu amene anayang'anitsitsa mzungu wopsa ndi dzuwa n'kumujambula mwachipongwe. Maliya, chilombo china, anachokera ku zimene anthu anaona kumishoni. Mpaka galimoto inalowa mu gule. Anthu amenewa zachilendo sankaziopa, ankazitenga, koma ankayamba aziyang'ana ndi maso awo kenako n'kuzipinda kuti zinene za pamudzi pawo. Ndiye anime yanuyo sindikuti muitaye, ndikuti muipinde.

Mukakwera kumtunda mudutse ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Zofiira zija za mizere ndi mikombero ndi zakale kwambiri, amati ndi za Akafula, ndipo zoyera zija zooneka ngati buluzi wotambasula miyendo zinapakidwa ndi Achewa ndi dothi loyera, zambiri zokhudza chinamwali. Chimene chimandisowetsa tulo ndi kuchepa kwa mizere yake. Palibe mthunzi, palibe kukometsera, koma amene ankaphunzitsidwa pamenepo ankadziwa chimene chikunenedwa. Ife lero layer pamwamba pa layer mpaka tabuleti kutentha.

Za AI, pulogalamu ya pakompyuta ija yojambula yokha ukaiuza, mwina mufunsanso, ambiri akufunsa. Ndinaiuzapo kuti ijambule mayi akuphika nsima, inanditulutsira mayi womwetulira akutakasa supu ndi supuni yaitali m'khitchini ya matailosi. Mthiko siiudziwa, mmene dzanja lina limapanira poto ndi kansanza siidziwa, phewa mmene limagwirira ntchito nsima ikayamba kulimba siidziwa. Nayonso inaphunzira kwa zithunzi za ena, ndiye mukapitiriza njira imene mulimoyi mukupikisana ndi makina pa ntchito imene makinawo amaichita msanga kuposa inu ndiponso motchipa.

Ndiye mutani?

Gulani kope wamba la sukulu ndi bolopeni, osati pensulo, kuti musamafufute. Tsiku lililonse mphindi makumi awiri pamalo pamene anthu akudikira, pachigayo, pa siteji ya kabaza, pamzere wa kubanki, kutchalitchi ulaliki ukatalika. Jambulani msanga, munthu akasuntha yambani wina, ndipo musaike pa Instagram chilichonse cha m'kope limeneli, mukangoganiza za ma like dzanja limabwerera ku maso aakulu aja. Anthu adzakuzungulirani, ena adzafuna muwajambule ulere, wina akakana musiyeni. Pinterest mutsegule pokhapokha mukufuna chinthu chimene simungachipeze pafupi, monga mkati mwa ndege. Kope likadzaza yalani masamba pansi muitane mnzanu wosanyengerera akuuzeni chimene chikubwerezedwa, chimenecho ndiye mupite nacho pa tabuleti.

Ndipo mukayamba kulandira maoda, mugwirizane polemba kuti chithunzicho achigwiritsa ntchito pati komanso kangati, chifukwa kuno munthu amalipira ya positala imodzi mawa mupeza chili pa kalendala ndi pa matisheti. Za umwini wa ntchito yanu kafunseni ku COSOMA, musaganize kuti ndi ya oimba okha. Kope loyambalo munditumizire masamba amene muli manja ndi mapazi, nkhope ndaziona kale, ndipo ngati ndi pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi imafinya chithunzi mizere yopyapyala osaonekanso.