Mwana akufuna kamera yophunzirira utolankhani, tigule Nikon D3500 kapena Canon 2000D?

Mayi wina wa ku Zomba afunsa kuti mtsikana wawo wakhoza MSCE, akufuna kukachita za utolankhani komanso Loweruka azijambulako zinkhoswe ndi maukwati kuti azipezako kangachepe, ndiye malume ake omwe ali ku Joni anena kuti amugulira kamera koma asankhe pakati pa Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D. Mayiwa akuti manambala omwe atumiziridwa pa WhatsApp sakuwamvetsa, akungoona kuti onse awiri alembedwa 24 megapixel, nde kusiyana kuli pati? Mnyamata wina wa chaka choyamba wafunsanso zofananako, iye anzake akumuuza kuti makamera a DSLR anatha fasho asatayirepo ndalama. Ndiyankha onse pamodzi chifukwa nkhani yake ndi imodzi.

Mayi, poyamba mudziwe chomwe mukugula. Onse awiriwa ndi makamera a mtundu wa DSLR, mkati mwake muli kagalasi kopendekeka, kuwala kukalowa pa lenzi kamakukankhira mmwamba mpaka pa kabowo kaja wojambula amaikapo diso, ndiye zomwe akuona ndi zenizeni zodutsa mu lenzi osati za pa sikirini. Akadina batani kagalasiko kamanyamuka, kachitseko kotchedwa shutter kamatseguka, kuwala kumagwera pa sensa, kachipangizo kolandira kuwalako, chithunzi chatheka. Sensayo ndiye mwini nkhani. Ya D3500 ndi mamilimita 23.5 kwa 15.6, ya 2000D ndi 22.3 kwa 14.9, pomwe ya mufoni zambiri ndi kakang'ono kwambiri. Zili ngati kutchera madzi a mvula, wina watchera beseni wina watchera kapu, mvula ndi yomweyo koma zopeza zimasiyana. Ndi chifukwa chake foni yolembedwa 50 kapena 108 megapixel imagonja mu tchalitchi cha mdima pomwe kamera ya 24 ikutulutsa nkhope yooneka bwino.

Za ma megapixel musavutike nazo mtima. Onse awiri amatulutsa chithunzi cha timadontho 6000 kwa 4000, ndiwo ma megapixel 24 aja, chokwanira kutsukitsa chachikulu chopachika pa balaza, chokwanira nyuzipepala, chokwanira chilichonse chomwe mwana wa sukulu angapemphedwe. Onse anatuluka mu 2018, onse shutter yake imafika 1/4000 pothamanga ndi masekondi 30 pochedwa, ndipo onse kabowo koyang'anira kamaonetsa 95 peresenti ya chithunzi, kutanthauza kuti mmbali mumalowa tizinthu tomwe sunatione pojambula. Pamenepa ndi ofanana.

Posiyana ndi apa. D3500 imajambula zithunzi 5 pa sekondi, 2000D zitatu basi. Zikuoneka zazing'ono koma pa mpira, pa gule, kapena nthawi ya perekaniperekani pomwe anthu akuvina ndalama zikuuluka, ziwiri zowonjezerazo ndi zomwe zimakupatsa chithunzi chomwe mkwatibwi sanaphethire. Timadontho togwirira focus Nikon ili nato 11, Canon 9, ndipo pa onse kodalirika kwambiri ndi kapakati, ndiye mwana aphunzire kugwiritsa ntchito kameneko mmalo mosiyira kamera kuti isankhe yokha, chifukwa ikasankha yokha imakonda kugwira chomwe chili pafupi, maluwa a patebulo ali bwinobwino koma nkhope ya mkwati yasungunuka. ISO, yomwe imathandiza kujambula pamdima, pa Nikon imachoka 100 kufika 25600, pa Canon 100 kufika 6400 ndipo utha kuikankha mpaka 12800. Manambala akumapetowo asakukopeni kwambiri, ukafika kumeneko chithunzi chimadzaza timchenga ndipo mitundu imafa, ntchito yeniyeni imachitika mpaka cha mma 1600 kapena 3200, komabe pamenepo Nikon imatulukako bwino.

Koma chomwe ine ndimachiwerengera kwambiri kwathu kuno ndi batire. Mwa muyeso omwe makampani onse amagwiritsa ntchito wa CIPA, batire ya D3500 imajambula zithunzi 1550 isanathe, ya 2000D 500. Ganizirani ukwati wa kumudzi, kuyamba mmamawa kokonzekera, kutchalitchi, kojambulitsa, kumadyerero mpaka dzuwa kulowa, magetsi kulibe kapena azima kuyambira dzulo. Ndi Nikon batire imodzi itha kumufikitsa madzulo, ndi Canon afunika awiri kapena atatu mthumba. Si kuti Canon ndiyoipa ayi, koma mtengo wa mabatire owonjezerawo muuwerengeretu.

Tsopano mbali yomwe ogulitsa sakonda kunena, ndipo kwa mwana wa utolankhani ndi yaikulu kwambiri. Makamera onse awiriwa alibe bowo lolumikizira maikolofoni. Vidiyo amajambula inde, Nikon 1080p mpaka 60 pa sekondi, Canon 1080p mpaka 30, palibe wa 4K, koma mawu amatengedwa ndi kamaikolofoni kamkati komwe kamamva mphepo, minibasi zodutsa ndi zala za wojambula yemwe, munthu ukumufunsa mafunsoyo akumveka ngati ali kutali. Kusukulu ya utolankhani adzapatsidwa ntchito zofunsa anthu pa kamera, ndipo aphunzitsi amakhululuka chithunzi chosawala bwino koma mawu osamveka ayi. Njira zilipo ziwiri. Atha kugula kamaikolofoni kopanira pa kolala nkumalumikiza ku foni, kujambula mawu padera, nkuwomba mmanja kamodzi poyamba kuti pa kompyuta adzagwirizanitse mawu ndi zithunzi mosavuta, ambiri amatero ndipo zimatheka. Kapena malume afufuze ina yokhala ndi bowolo. Nikon D3300 ya mu 2014 ili nalo ngakhale ndi yakale, nayonso ndi 24 megapixel, anadzalichotsa kuyambira pa D3400. Ku Canon 600D, 700D ndi 250D zili nalo komanso sikirini yake imatembenuka, pomwe ya D3500 ndi 2000D ndi yomatirira kumbuyo, sungadzijambule wekha ukudziona. Dziwaninso kuti vidiyo imadula yokha isanakwane mphindi 30, ndiye ulaliki onse kapena msonkhano wautali sungangoiika pa tripod nkukhala pansi, komanso focus ya pa vidiyo pa awiriwa ndiyochedwa, imasakasaka.

Ndiye funso loyamba musanayankhe malume, mufunseni mwanayo kuti mtima wake uli pa zithunzi kapena pa vidiyo. Ngati ndi zithunzi, ine pa awiriwa ndingatenge D3500 osakaika. Ngati ndi vidiyo, ndalama ipite pa 250D kapena imodzi mwa zakale zija zili ndi bowo la maikolofoni.

Pali chinthu chimodzi chomwe chingatembenuze yankho langali. Ngati anzake amkalasi, kapena wojambula yemwe azimutsatira pophunzira ntchito, onse ali ndi Canon, atenge Canon, chifukwa lenzi ya Nikon silowa pa Canon ndipo kubwerekana malenzi, mabatire ndi chaja kumapulumutsa kwambiri munthu akamayamba. 2000D ilinso ndi Wi-Fi yotumizira zithunzi ku foni, pomwe D3500 ili ndi Bluetooth yokha kudzera pa pulogalamu ya pafoni ya SnapBridge, yomwe imatumiza tizithunzi tochepetsedwa, tokwanira pa Facebook kapena kutumizira mkonzi mwachangu koma zazikuluzo bola kuchotsa memori khadi nkuika pa laputopu.

Nkhani ya lenzi ndiikhalirepo pang'ono chifukwa apa mpomwe makolo ambiri amaonongera ndalama. Kamera imabwera ndi lenzi ya 18-55mm, yabwino masana, pa gulu la anthu, pa graduation panja. Vuto lake ukaikokera ku 55mm khomo lolowera kuwala, lomwe amati aperture, limachepa kufika f/5.6 (nambala ya f ikamakula khomo limachepa), ndiye muholo madzulo zithunzi zimayamba kugwedera. Kalenzi ka 50mm f/1.8 kapena 35mm f/1.8 kamalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo, komanso ndi kamene kamapangitsa kumbuyo kwa munthu kusungunuka bwino kuja makasitomala amakukonda. Kusintha komwe kalenzi kameneka kangabweretse pa zithunzi za mwana wanu ndi kwakukulu kuposa kugula kamera yodula kawiri nkukhalabe ndi lenzi yobwera nayo ija. Ngati ndalama ya malume ili ndi malire, kamera ikhale yotsika mtengo koma kalenzi aka kakhalepo.

Pogula samalani izi. D3500 ilibe mota yoyendetsa focus mthupi mwake, imadalira ya mu lenzi, ndiye lenzi ikhale yolembedwa AF-S kapena AF-P. Pali 50mm f/1.8D yotchipa yomwe imapezeka kwambiri ya kaunjika, pa kamera imalowa bwinobwino koma focus muzipotokola ndi dzanja, anthu ambiri agwa nayo imeneyi. Yoyenera ndi 50mm f/1.8G kapena 35mm f/1.8G DX. Ku Canon malenzi onse a EF ndi EF-S amagwira, wodziwika ndi EF 50mm f/1.8 STM, koma a RF ndi EF-M salowa. Komanso poti sensa ya makamera awa ndi yocheperako poyerekeza ndi ya makamera a sensa yaikulu otchedwa full frame, 50mm imaoneka ngati 75mm pa Nikon ndi 80mm pa Canon, yabwino pa nkhope ya munthu mmodzi koma mnyumba yopanikiza akakhala ankhoswe ndi abale onse sakwanamo, ubwerera mmbuyo mpaka kugunda khoma. Pa ntchito za mnyumba 35mm ndiye imathandiza. Amene asankhe 2000D ayang'anenso pamwamba poika fulashi, zambiri zinatuluka zopanda kachitsulo kapakati koyatsira fulashi, ndiye mafulashi ena otchipa omwe si a Canon sayaka, ayese asanalipire.

Fumbi nalo. Onse awiriwa si otetezedwa ku mvula kapena fumbi ndipo alibe kachipangizo kogwedeza sensa kuti idziyeretse yokha. Mu Seputembala ndi Okutobala kusintha lenzi panja pa bwalo ndi kuitana timadontho takuda tomwe tizioneka pa mtambo pa chithunzi chilichonse. Asinthire mnyumba kapena mgalimoto, kamera itayang'ana pansi, ndipo akhale ndi kopopera mpweya kaja, asamapuzire ndi pakamwa kapena kupukuta ndi nsalu ya malaya. Okhala kunyanja kapena komwe kuli chinyezi asamaisunge mchikwama chotseka miyezi, lenzi imachita nkhungu mkati. China, polowa memori khadi ndi pamodzi pokha, khadi ikafa ukwati onse wapita ndipo subwerezedwa, ndiye bola makhadi awiri kapena atatu apakatikati a kampani yodziwika nkumasintha, kusiyana ndi imodzi yaikulu yogula pamsewu.

Achimwene a chaka choyamba, anzanuwo sakunama kwenikweni. Kuyambira 2018 pomwe Nikon anatulutsa makamera a Z ndi Canon a R, mphamvu zawo zambiri zapita ku mirrorless, makamera opanda kagalasi kamkati kaja, ndipo D3500 yatsopano mmashopu ikusowa. Koma inu mukufuna chophunzirira, ndipo zomwe muphunzire, aperture, shutter, ISO, kuwerenga kuwala, kudikira nthawi yoyenera kudina, ndi zomwezo pa kamera iliyonse. Poti anthu akunja akugulitsa ma DSLR awo kuti asamukire ku zatsopanozo, zogwiritsidwapo kale ntchito zatsika mtengo pamodzi ndi malenzi ake, ndipo malenziwo simudzataya, Nikon ali ndi adapita ya FTZ, Canon ali ndi EF-EOS R, mudzasamuka nawo. Mukamagula yakale funsani shutter count, kuchuluka kwa zithunzi zomwe yajambula, makamera a gulu ili amawerengeredwa cha mma 100,000, ndiye ya 15,000 ikadali mwana koma ya 90,000 mtengo utsike kwambiri. Jambulani pepala loyera pa f/16 muone madontho, unikani mu lenzi ndi tochi ya foni muone nkhungu, yesani mabatani onse. Wogulitsa akakana kuti muyese, musiyeni.

Mayi, musanatumize yankho ku Joni imbani kaye ku sukulu komwe mwana akufuna kupita, kaya ndi ku Malawi Institute of Journalism, ku MUBAS kapena ku University of Malawi, mufunse ngati chaka choyamba amafuna wophunzira akhale ndi kamera yake kapena ali ndi zobwereketsa, komanso ngati ntchito zambiri ndi za vidiyo. Ndalama ya fizi isakhudzidwe chifukwa cha kamera, ndipo kumbukirani kuti pafunikanso laputopu yokonzera zithunzi, chifukwa akayamba kujambula RAW, zithunzi zosakonzedwa ndi kamera zomwe amakakonzera pa kompyuta, fayilo imodzi imapitirira 20 MB, foni siingakwanitse ntchito ya ukwati onse.

Kamera ikafika asathamangire kulandira ukwati yekha. Achoke pa Auto, ayambe ndi A pa Nikon kapena Av pa Canon pomwe iye amasankha aperture kamera nkusankha shutter, D3500 ilinso ndi Guide yomwe imamufotokozera pa sikirini pomwepo chochita. Ajambule azing'ono ake, kwaya ya kutchalitchi, mpira wa mdera, madzulo ndi masana omwe, kenako apemphe wojambula wokhazikika kuti azimutsatira ngati wothandizira maukwati angapo, anyamule chikwama, aone momwe amaimikira anthu ndi momwe amakambirana mtengo. Zithunzi 20 zabwino kwambiri azisunge padera zoonetsa makasitomala ndi aphunzitsi. Ndipo malume mukawauza za kamerayo muwauziretu kuti mchikwamamo mukhalenso batire yachiwiri, makhadi awiri, kopopera fumbi ndi kalenzi ka f/1.8 kaja, akagule konko pamodzi chifukwa kuno kuzipeza chimodzichimodzi kumavuta ndipo mtengo umakwera.