Nyumba ili ku Area 47, inu muli ku Manchester: aziyang'anira ndani?

Mayi wina yemwe ndi namwino ku Manchester wandilembera imelo. Anamanga nyumba ya zipinda zitatu ku Area 47 ku Lilongwe, ndipo akufuna kuiika pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lopezerapo malo ogona, kuti muzigona alendo a masiku ochepa. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndisiyire achimwene anga, ndilembe kampani, kapena ndiziyendetsa ndekha pa foni?"

Mayi, zapafoni mungazithe ndithu: kuyankha mauthenga, kusintha mitengo, kutseka masiku pa kalendala. Kungoti Airbnb imayang'ana ngati mwayankha mlendo pasanathe maola 24, ndipo kuti mukhale Superhost, dzina limene Airbnb imapatsa eni nyumba osamalira bwino alendo, pamafunika kuyankha mauthenga 90 mwa 100 alionse komanso kuti alendo azikupatsani nyenyezi zosachepera 4.8 mwa 5. Poti inu mumagwira mashifiti ausiku, pakhale wina wokuthandizani.

Koma nkhani yagona pa zimene foni singachite. Mlendo watsika ndege ku Kamuzu International Airport, wafika pageti kutada, mayunitsi a ESCOM atha. Inu mukhoza kuwagula muli kunjako, koma manambala 20 aja pafunika chala choti chiwadinde pamita. Pampopi pakauma pafunika wina wokwera kukasuzumira m'thanki. Mlendo akatuluka 10 koloko m'mawa wina n'kumalowa 2 koloko masana, mashiti akhale atachapidwa, atauma, atasitidwa, ngakhale mu January mvula ikugwa tsiku lonse. N'chifukwa chake bedi lililonse likhale ndi mashiti atatuatatu. Ndiye posankha munthu, funso loyamba likhale lakuti: akaimbiridwa usiku, afika panyumbapo m'mphindi zingati? Wokhala ku Area 49 kapena ku Area 18 akhoza. Wa ku Area 23 wopanda galimoto, ayi.

Za achimwene. Sindikuwakayikira, koma m'bale wogwira ntchito ulere simungamudzudzule. Mlendo akalemba kuti m'bafa munali mwauve, inu n'kufunsa, mumva kuti "mwayamba kutilamula chifukwa cha mapaundi", ndipo nkhaniyo ikafika mpaka kwa amayi kumudzi. Ngati mukufuna iwowo, alembeni ntchito yeniyeni, ya malipiro ndiponso ya pangano lolembedwa.

Makampani oyang'anira nyumba zotere nthawi zambiri amadya pakati pa 15 ndi 25 peresenti ya ndalama zolowa. Chenjerani, pakuti maejenti ambiri kwathu anazolowera lendi ya pamwezi, kutolera ndalama n'kusowa mpaka mwezi wamawa. Afunseni akuonetseni nyumba zimene akuyendetsa kale pa Airbnb kapena pa Booking.com, muwerenge nokha zimene alendo analemba.

Ine ndikanakhala inu ndikanapeza munthu mmodzi wokhala pafupi, n'kumuika ngati co-host, kutanthauza wokuthandizani kuyendetsa nyumbayo pa Airbnb. Airbnb imakulolani kusankha zimene iye angaone ndi kuchita, akaunti n'kukhalabe yanu. Ndalama za alendo zizilowa kwa inu, inuyo muzimulipira peresenti yake, kuti nyumba ikakhala yopanda anthu nayenso zizimuwawa. Mumusiyireko kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba ka gasi, sopo, mababu ndi pulambala, malisiti azikutumizirani pa WhatsApp. Akamaliza kukonza m'nyumba azijambula kavidiyo kuyambira kukhitchini mpaka kubafa.

Chimene chimadya eni nyumba ambiri mwakachetechete ndi alendo a mseri. Kalendala ikuonetsa kuti mulibe munthu, koma Loweruka munagona anthu, ndalama n'kulowa m'thumba la woyang'anira. Izi zimagwidwa ndi mita: nyumba yopanda munthu singamalize mayunitsi ngati muli giza yoyaka ndi kuka. Mlonda akhalenso ndi buku lolemba magalimoto olowa. Kamera ya pageti ndi yololedwa bola muwauziretu alendo, koma ya m'kati mwa nyumba Airbnb inaletseratu kuyambira pa 30 April 2024.

Pangano lanu muziliunikanso miyezi 6 iliyonse. Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malipiro a wokonza m'nyumba ndi mlonda akatsalira kumbuyo amachoka osatsanzika. Musanalandire mlendo woyamba, munthu wanuyo apite ku ofesi ya zokopa alendo kukafunsa za laisensi ya malo ogona, komanso ku MRA za msonkho wa ndalama za lendi.