N'chifukwa chiyani nyama zapachibale sizikwerana?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti: "Ndamva kuti pali mitundu ya nyama yofanana kwambiri, yokhala malo amodzi, yoti itha kuberekana koma siiberekana. Chimailetsa n'chiyani?"

Zikomo kwambiri pofunsa. Nthawi zambiri vuto silikhala m'thupi ayi, limakhala pa kafunsiridwe. Yaimuna imaonetsa chizindikiro chake, kaya nyimbo, fungo, kavinidwe kapena mawanga, ndipo yaikazi ikaona kuti si cha kwawo imangotembenuka n'kumapita. Ziphaniphani zimatero: mtundu uliwonse uli ndi kaphaniphidwe kake, ndipo yaikazi imayankha kuwala kwa mtundu wake wokha.

Pa mbalame zina chizindikirocho chimachita kuphunziridwa. Akatswiri a sayansi Peter ndi Rosemary Grant, omwe adayamba kufufuza timbalame ta pachilumba cha Daphne Major ku Galápagos, zilumba za m'nyanja ya Pacific, mu 1973, adapeza kuti kamwana kakamuna kamatengera nyimbo ya bambo ake, kakakazi n'kudzasankha mwamuna woimba ngati bambo ake. Kamwana kakakula kakumva nyimbo ya mtundu wina, kamadzakwatirana ndi mtundu umenewo.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri ndi nsomba ziwiri za m'nyanja ya Victoria, Pundamilia nyererei ndi Pundamilia pundamilia. Zazimuna za mtundu woyamba n'zofiira, za wachiwiri n'zabuluu, pomwe zazikazi n'zovuta kuzisiyanitsa. Mu 1998 akatswiri Ole Seehausen ndi Jacques van Alphen adalemba zomwe adaona m'matanki. Pa kuwala kwa masiku onse, yaikazi inkasankha yaimuna ya mtundu wake. Atayatsa getsi lobisa kusiyana kwa kufiira ndi buluu, kusankha kuja kudatheratu. Ana obadwa mosakanizika chonchi amakula bwino, nawonso n'kumabereka. Ndiye kuti chachikulu chomwe chimalekanitsa mitundu iwiriyi ndi diso la yaikazi.

Zomwezi zikuchitika m'nyanja momwemo. Pa chilumba cha Makobe, pomwe madzi ndi oyera, zofiira ndi zabuluu zili pazokhapazokha. Pa chilumba cha Luanso madzi ndi ovunduka, ndipo zambiri zimaoneka zapakatikati. Dothi lokokoloka ndi zonyansa zolowa m'nyanja zikamachulukitsa ndere, madzi amada, yaikazi siionanso bwino. Ine izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mitundu iwiri itha kusanduka umodzi popanda nsomba ngakhale imodzi kufa, ndipo wowerenga nsomba m'khoka sangadziwe msanga kuti china chasowa.