Mafunso a Awerengi: Kodi Mwana Wanga Awoloke Bwanji Msewu?

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Kanyama mumzinda wa Lusaka ndipo ndili ndi mwana wa zaka 8 amene amawoloka msewu waukulu popita kusukulu. Magalimoto amathamanga kwambiri, maminibasi amaima paliponse, ndipo mvula ikagwa ana amayenda paphula penipeni chifukwa m'mphepete mumakhala madzi ndi matope okhaokha. Bambo ake amapalasa njinga kupita ku msika wa Soweto, naonso sabwera ndi mtima uli m'malo. Anthu amati vuto ndi ife oyenda pansi, kuti ndife osasamala. Kodi n'zoona? Nanga makolofe tingachitepo chiyani? — Mayi wa ku Kanyama

Yankho: Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ine sindikuvomereza zoti mlandu wonse ukhale pa oyenda pansi. N'zoona kuti alipo ena amene amawoloka maso ali pafoni, koma mwana wa zaka 8 amene wasowa poponda chifukwa ngalande yasefukira sanalakwe kanthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za ngozi zimenezi ndi liwiro.

Taganizirani izi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, pamene yothamanga makilomita 30 imadutsa mamita 8 okha. Sekondi imeneyo ndiyo imatha dalaivala asanaponde n'komwe buleki, akungozindikira kuti kutsogolo kwatulukira mwana. Akaponda, galimoto yothamangayo imafunanso mtunda wautali kuti iime, makamaka paphula ponyowa. Munthu wogundidwa pa liwiro la 30 nthawi zambiri amapulumuka, koma liwiro likafika 50 mwayi wokhala ndi moyo umachepa kwambiri. N'chifukwa chake malamulo a dziko lino la Zambia anatsitsa liwiro la pafupi ndi sukulu kufika pa makilomita 30 pa ola.

Vuto ndi lakuti chikwangwani pachokha sichiimitsa galimoto. Dalaivala amamvera msewu kuposa chikwangwani: ukakhala wotakasuka ndi wowongoka, phazi limalemera lokha. Chimene chimathandiza ndi kamangidwe ka msewuwo, monga mahampu oikidwa asanafike pachipata cha sukulu, powolokera pokwezedwa kuti galimoto ikakamizike kufatsa, ndiponso kachilumba pakati pa msewu kuti mwana awoloke mbali imodzi, apume, kenako ayang'ane mbali inayo. Pakufunikanso njira ya oyenda pansi yokwera kuposa phula, ngalande zovundikira ndi magetsi a mumsewu. Kwa inu a ku Kanyama, kumene madzi amaima chaka ndi chaka, nkhani ya ngalande ndi nkhani ya moyo wa ana, osati ya ukhondo wokha.

Lusaka, imene inakhala likulu mu 1935, lero ili ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto. Amayenda wapansi, amakwera minibasi, ena amapalasa njinga. Milatho ya magalimoto ya pa Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali inachepetsadi kuthithikana pamphambanozo, koma m'kuona kwanga mzinda sungathetse vuto la mayendedwe pongotakasa misewu, pakuti msewu ukakula umakhalanso wovuta kuwoloka. Ngakhale milatho ya oyenda pansi, yonga ya pa Great East Road, ili ndi malire ake, chifukwa gogo wa ndodo, mayi wosenza dengu ali ndi mwana kumsana, kapena munthu wa pa njinga ya olumala savutika pang'ono kuikwera. Ambiri amangodutsa pansi, ndipo pamenepo m'pamene msewu uyenera kuwateteza.

Za bambo a kunyumba, amene akupikisana ndi malole pamodzi ndi anzawo onyamula makala ndi okankha mawilibala, chofunika ndi njira ya njinga yotchingidwa ndi simenti, chifukwa mzere wa penti wokha umasanduka poimikapo magalimoto. Maminibasi nawo akufunika malo oimapo odziwika, olowa m'mbali, kuti dalaivala asamaime pamphambano kondakitala akamuuza kuti waona munthu. Mayendedwe a mabasi akakhala odalirika, ena amasiya magalimoto awo kunyumba ndipo msewu umapepuka kwa aliyense. Boma linavomereza kale mfundo zoterezi pamene linatulutsa ndondomeko ya mayendedwe a oyenda pansi ndi a panjinga mu 2019, choncho mukamapempha simukupempha zachilendo.

Tsono musapite nokha. Yambani ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mulembe kalata yosainidwa ndi makolo ambiri, ndipo muipereke kwa khansala wanu ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, kumene kumayambira mapempho a ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. M'kalatamo musangoti msewu ndi woopsa. Tchulani malo enieni amene ana amawolokera, nthawi imene amachuluka, chimene mukufuna kuti chimangidwe, ndipo muikepo zithunzi za nyengo ya mvula. Misewu ya m'kati mwa mzinda imayang'aniridwa ndi khonsolo ya Lusaka, misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo ili m'manja mwa bungwe lomanga misewu la RDA, pamene za liwiro ndi khalidwe la madalaivala ndi za bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA ndi apolisi. Sungani kope la kalata iliyonse lodindidwa tsiku limene yalandiridwa, kuti mukabwereranso mukhale ndi poyambira.

Pamene mukudikira yankho, musamusiye mwanayo kuti aziwoloka yekha, chifukwa pa msinkhu wake sanayambe kuyeza bwino liwiro la galimoto imene ikubwera. Gwirizanani ndi makolo anzanu kuti muzisinthana kuperekeza ana pagulu m'mawa ndi poweruka, ndipo muwaphunzitse kuti akatsika minibasi asawoloke kutsogolo kwake kapena kumbuyo kwake, koma adikire ichoke kuti aone msewu mbali zonse ziwiri.