Mwana wanga sachoka pa mafilimu akale, ndimuletse?

Mayi wina wa ku Balaka wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 3. Bandulo iliyonse imene amugulira imathera pa mafilimu akale opanda kala: nkhondo ya Hitler, magalimoto ndi madiresi a m'zaka za m'ma 1950, akatswiri a kanema amene anamwalira kalekale. Mtsikanayo akuti akufuna kudzaphunzira History ku yunivesite. Mayiyo akufuna kudziwa ngati amuletse, ndipo ngati ayi, ndi masamba ati a pa intaneti amene angamupindulire, komanso ngati ntchito yake ilipo.

Amayi, musamuletse. Ana a Fomu 3 amene amadzifunira okha zakale popanda mphunzitsi kuwaopseza ndi mayeso ndi ochepa. Koma kungoonera sikumupanga munthu kukhala katswiri wa mbiri. Azolowere kufunsa pa filimu iliyonse kuti anajambula ndani, chaka chanji, ndipo ankafuna kuti oonera aganize chiyani.

Ayambe ndi British Pathé. Iyi inali kampani ya ku London imene kuyambira 1910 mpaka 1970 inkapanga timafilimu ta nkhani, toonetsedwa m'nyumba za kanema filimu yeniyeni isanayambe. Mu 2014 eni ake anaika mafilimu pafupifupi 85,000 pa YouTube, aulere. Ambiri ndi a mphindi zowerengeka, ndipo akatsitsa chithunzi kufika pa 240p bandulo imakhalitsa. Zithunzi za nthawi imeneyo n'zosawala kale, sataya kanthu. Pofufuza asalembe Malawi, alembe Nyasaland. Mangochi ankalembedwa Fort Johnston, Nsanje Port Herald, Thyolo Cholo, Chipata Fort Jameson, Harare Salisbury. Ana ambiri amagwa ulesi msanga n'kumati za kwathu kulibe, pamene angolakwitsa dzina.

Tsamba limene ndimalikonda kuposa onse ndi Colonial Film, limene linakonzedwa ndi mayunivesite a ku London mogwirizana ndi British Film Institute ndi Imperial War Museum. Lili ndi kaundula wa mafilimu oposa 6,000 onena za maiko amene Britain inkalamulira. Oti n'kuwaonera pomwepo ndi ochepa, koma ena mwa mafilimu a m'kaundulamo ali ndi ndemanga za akatswiri zofotokoza amene analipira filimuyo ndi chifukwa chake. Kumeneko mwana wanu adzamva za Central African Film Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury kuti izipangira mafilimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri zija, zimene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Mafilimuwo ankayenda pa galimoto mudzi ndi mudzi, kuphunzitsa za ulimi, zaukhondo ndi kusunga ndalama. Munthu wakuda m'menemo kawirikawiri ndi wophunzitsidwa, ndipo nzeru zimachokera kwa bwana wa boma. Mwana akaona zimenezo yekha, phunziro la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, silikhalanso zaka zongoloweza pamtima.

Mumupatse ntchito iyi pa holide ikubwerayi. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa wa Nyasaland Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo Dr Banda ndi mamembala ambiri a Nyasaland African Congress anamangidwa. Banda anakatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Ku Nkhata Bay kokha asilikali anapha anthu 20. Mwana wanu apeze timafilimu ta nkhani ta chaka chimenecho, amvetsere bwino mawu a woulutsa, aone amene akutchedwa osokoneza ndi amene akutchedwa obwezeretsa bata. Kenaka atsegule Hansard, tsamba losunga mawu onse olankhulidwa m'nyumba ya malamulo ya Britain, apeze za pa 28 July 1959. Tsiku limenelo aphungu anakangana za lipoti la woweruza Patrick Devlin, limene linapeza kuti anthu akuda 51 anaphedwa, ndipo linati Nyasaland inasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Pomaliza akafunse agogo amene analipo, ngati mukadali nawo m'banjamo kapena m'mudzi, zimene anaona. Alembe masamba awiri osonyeza pamene nkhani zitatuzo zikugwirizana ndi pamene zikutsutsana. Chingerezi cha Hansard n'cholemera, koma chidzamulimbitsa pa pepala la English, limene popanda kulikhoza bwino yunivesite salowa.

Za madiresi ndi akatswiri a Hollywood musazinyoze, nazonso anthu amalembera madigiri. Internet Archive, imene inayamba mu 1996 ku America, ili ndi mafilimu akale amene malamulo amalola kuwaonera ndi kuwakopera ulere. M'kati mwake muli Prelinger Archives, mulu wa timafilimu totsatsa malonda ndi tophunzitsa ana asukulu a ku America, timene timaonetsa mmene ankafunira kuti mkazi wapanyumba ndi mnyamata wabwino azikhalira. Media History Digital Library ili ndi magazini akale a za kanema monga Photoplay, oti n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Magazini ya zithunzi ya Life, ya 1936 mpaka 1972, ili pa Google Books. Kufupi ndi kuno, afufuze zithunzi za magazini ya Drum, imene inayamba mu 1951 ku South Africa n'kutchuka ndi moyo wa m'makomboni a Johannesburg, kumene achibale athu ambiri ankapita pa theba. Pa nyimbo, International Library of African Music ya ku Rhodes University imasunga zimene Hugh Tracey anajambula, kuphatikizapo za m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Pa nkhondo imene akuikondayo, tsamba la Imperial War Museums lili ndi zithunzi za King's African Rifles, gulu limene munali asilikali a kuno amene anakamenya nkhondo mpaka ku Burma.

Chimene ndingamuletse ndi timavidiyo ta pa TikTok ndi Facebook topakidwa kala ndi kompyuta, topanda chaka, topanda dzina la wojambula. Chithunzi cha tauni ina chimalembedwa kuti Blantyre 1950, anthu n'kuchigawana osafunsa. Wikipedia aziyambirapo, koma azitsika m'munsi kukaona kumene nkhaniyo yatengedwa.

Pa za ntchito sindikunamizani. Malo ku National Archives ku Zomba, ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ndi ochepa, ndipo satuluka chaka chilichonse. Ambiri ophunzira History amakhala aphunzitsi a sekondale, ena atolankhani, ena ofufuza m'mabungwe. Amene amayenda bwino ndi amene awonjezera luso logwirika: kusanja ndi kusunga zikalata pa kompyuta, kujambula ndi kudula vidiyo, kulemba Chingerezi ndi Chichewa choyera. History amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba, za laibulale ndi kasungidwe ka uthenga ku Mzuzu University, utolankhani ku MUBAS ndi ku Malawi Institute of Journalism.

Zonsezi zimadutsa pa MSCE. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo English, ndipo History ndi phunziro limodzi chabe mwa amenewo. Ndiye mugwirizane naye: bandulo ya mafilimu izibwera Loweruka, mukaona makope a masamu ndi sayansi a sabata imeneyo.