Msuweni, laputopuyo ilibe mlandu

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Dikira ndichoke paphokosopa... eya. Ndiye wati ndikuthandize kusankha laputopu ina chifukwa yakoyo yakalamba, script ija, kapulogalamu kotumiza lipoti 6 koloko m'mawa, sikuyenda yokha, koma ukaidina wekha ikuyenda bwinobwino. Iwe ndimakudziwa. Za laputopu yatsopanozo ukungozungulira. Funso lako lenileni ndi lakuti, abwana akafunsa mawa kuti lipoti lili kuti, ndinamizire ndani? Hahaha. Usakane.

Ukukumbuka ulendo uja amalume anakagona kuchipatala ndi agogo? Ayi, si wa mwendo uja, winawo, chaka chimene denga linasasuka. Amalume, ndikudziwa muli pagulu pano, mundikhululukire, koma nkhaniyi ndi yoona. Anasiya kapepala pachitseko, zilembo zawo zikuluzikulu zija, akuti mnyamata akabwera 5 koloko atenge kiyi pamalo paja, atulutse njinga, akaisiye kwa munthu uja. Basi, kapepala katha. Mnyamata wake anali atangoyamba kumene ntchito. Nthawi sanaphonye ayi, 5 koloko ali pakhomo. Wapapasa pamwamba pa chitseko, wasuzumira m'nsapato zakale zija za pakhonde, mpaka kutembenuza ndowa, kiyi osaoneka. Anakhala pakhondepo mpaka dzuwa kuswa mtengo, kenako n'kubwerera kwawo osauza munthu. Amalume pobwera, maine, mkwiyo wake! Akuti ana a masiku ano ndi aulesi. Amayi n'kuwafunsa kuti achimwene, pamalo paja ndi pati? Iwo akuti aliyense amadziwa. Kiyi ankakhala mu wailesi yakufa ija ya pawindo la kuseri, molowa mabatiremo. Munthu uja ndiye mpaka lero sitikumudziwa. Azakhali, ndikukumvani mukuseka.

Ndimanena chani kodi... eya, script. Mnyamata uja ndi Task Scheduler, pulogalamu ya mu Windows imene imayambitsa script yakoyo yokha nthawi ikakwana. Imafika nthawi yake, koma sidziwa zimene iwe umadziwa. Ukaidina wekha script, imayambira mufoda yakoyo ndipo mafayilo onse ali pafupi. Scheduler ukaisiyira bokosi la Start in lopanda kanthu, imayambira ku C:\Windows\System32. Script ikati tsegula lipoti.xlsx, imakafuna kumeneko, kulibe, n'kufa mwakachetechete. Ndiye lemba path yonse, ndiye kuti njira ya komwe fayiloyo ili, kuyambira pa C mpaka dzina la fayilo. Mu Start in ikamo foda ya script, koma usaike ma quotation, ngakhale dzina la fodayo lili ndi mpata pakati, ukaika imakana. Ndiponso pa Program usangolemba python, lemba komwe kuli python.exe yeniyeniyo, pulogalamu imene imayendetsa script yakoyo.

China, ngati fayiloyo ili pa drive ya kuntchito ija, Z kaya chani, ndipo unasankha Run whether user is logged on or not, chilembo chimenecho scheduler sichiona. Umayenera kulemba dzina la seva lenileni, loyamba ndi tindodo tiwiri topendekeka tija. Komanso, mmm, pita pa Conditions. Pali kabokosi kamene kamabwera kochonga kale, kakuti task, ntchito imene unaiika mu scheduler ija, iziyamba pokhapokha kompyuta ili pamagetsi. Iwe ndi charger simugwirizana, tonse tikudziwa, ndiye kachotse. Laputopu ikakhala itagona 6 koloko, chonga Wake the computer to run this task. Ikakhala yozimitsiratu palibe chingachitike, imeneyonso usainamizire ukalamba.

Koma chachikulu ndi chomwe chija, uiuze malo onse mwatchutchutchu, usaganize kuti ikudziwa. Anzako ogwiritsa Linux m'malo mwa Windows amalira zomwezi ndi cron, scheduler yawo ya kumeneko.

Usanagone, tsegula Task Scheduler uyang'ane pa Last Run Result. Pakalembedwa 0x41303 ndiye kuti sinayambe n'komwe, vuto lili pa nthawi kapena pa Conditions paja. Pakalembedwa 0x1, inayamba koma script inagwa panjira, ndipo ndikubetcha kuti ndi path. Dinanso Enable All Tasks History kudzanja lamanjako. Ukakonza usadikire mawa, dina Run pa task yomweyo uone ngati lipoti lapita.

Path yonse, msuweni, wamva? Foda yonse, python yonse, seva yonse. Jambula pa Last Run Result unditumizire kumbali, osati pagulu pano, amalume ayamba kale kulemba.