Za injini ya Corvette ija, msuweni

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako ndauona m'gulumu, koma m'manjamu muli girizi, ndiye ndingolankhula. Wafunsa ngati injini ya Corvette, galimoto yothamanga ya ku America, injini imene amati LS3 ija, ingakwane mu Unimog yako, chigalimoto cha m'matope chija. Funso lako ndi lomwelo, timizere tiwiri. Koma iwetu ndimakudziwa kuyambira ukuyenda ndi kabudula wong'ambika. Ukamafunsa za kukwana ndiye kuti tepi yoyezera wadutsitsamo kale, mwinanso kawiri. Chikukudya mumtima iwe ndi ulendo uja wa mu Epulo. Tonsefe tinafika dzuwa likadalipo, iwe n'kudzatulukira usiku ana atagona, alamu ali duu pampando osakuyankhulitsa. Ndanama? Usayankhe, nkhope yako tinaiona tonse.

Ndiye dikira kaye, ndikukumbutse za amalume. Ayi, osati aang'ono, aakulu. Iwe unali wamng'ono, mwina ukukumbuka mtundu wa galimotoyo basi. Inali Land Rover yausilikali, zija amati Lightweight, zopangidwa kuti zizinyamulidwa ndi ndege. Injini yake inali ya petulo, malita 2.25, ma horsepower cha m'ma 70. Yofatsa. Pamatope inkayenda ngati ng'ombe yapagoli, koma ikafika pa phula amalume ankachita manyazi, mabasi odzaza anthu akuwapitirira. Ndiye tsiku lina anabwera ndi V8, injini ya masilinda 8, ya malita 3.5 yochotsa mu Rover SD1 imene inagundidwa kumbuyo. Injini yabwino kwambiri imeneyo, ya aluminiyamu, yopepuka, chiyambi chake ndi kwa Buick ku America. Ma horsepower 155. Kuwirikiza kawiri, n'kupitirirako.

Anagwira ntchito imene ija miyezi itatu... ayi, inayi, chifukwa mvula inawapeza asanamalize. Ine ndinali wogwira tochi ndi kupatsira masipanala. Tsiku loiliza koyamba, aaa, msuweni, mawu ake! Azakhali anatuluka m'nyumba ndi madzi m'manja, kuyesa kwagwa chinachake. Amalume misozi m'maso, akungosisita bonetiyo. Ndipo inathamangadi, sindingakunamize. Sabata yoyamba palibe basi inawapitirira.

Sabata yachiwiri ndiye tinalowa m'matope, pachitunda chija ukuchidziwa. Tayala lakumbuyo linazungulira pachabe, kenaka linagwira mwala mwadzidzidzi, amalume phazi lili pansi. Kunangomveka kuti thwa! Kaphokoso kakang'ono, ngati wathyola nthambi youma. Injini ikulira bwinobwino, galimoto yangoima. Shafuti yakumbuyo, ija imachoka mu difu, kabokosi ka magiya ka pa ekiselo, kupita ku tayala, inali itaduka. Titaisolola ndinaigwira m'manja ine. Chitsulo chonenepa ngati mpini wa sipanala yaikulu, koma kumapeto kwake mano aja, alipo 10, atapotoka ngati chingwe chopota, podukapo pakunyezimira. Kachidutswa kotsalira mkati tinalimbana nako mpaka mdima, amalume atagona chagada m'matope, akukokera ndi waya.

Ukudziwa zimene anachita? Anagula mashafuti ena awiri, n'kuwakulunga m'chiguduli kuseri kwa mpando. Munthu ameneyo! Ankati vuto ndi chitsulo chakale. Yachiwiri inaduka, yachitatu inaduka. Kenaka giyabokosi inayamba kulira ngati muli mchenga. Koma chimene chinawasintha mtima si zimenezo ayi. Linali tsiku lija tikutsika phiri, galimoto itadzaza, agogo ali kutsogolo. Anali atathamanga kwambiri pamwamba paja chifukwa injini inkalola. Pofika pakati pa mtsetse mabuleki anatentha, ndipo fungo lake lija, lopserera, mpaka lero ndikalimva m'mimba mumatembenuka. Ndinkaona mwendo wa amalume ukupopa, ukupopa, galimoto osamva. Anaigwira ndi magiya, Mulungu anatithandiza. Titaima pansi anatuluka, n'kukhala pamwala, osayankhula. Agogo anangoti, “Mwana wanga, ndithandize nditsike.” Basi. Mwezi usanathe injini yakale ija inali itabwerera m'malo mwake, ndipo anamangirako overdrive ya Fairey kuti pa phula injini izipumako. Anayenda nayo zaka zambiri pambuyo pake, shafuti osadukanso.

Eya, ndabwerera kwa iwe, usadandaule.

Yakoyo ndi Unimog 404. Mercedes-Benz inapanga zimenezo kuyambira 1955 mpaka 1980, zambiri za asilikali. Ndipo pali chinthu choti udziwe: injini ili mmenemo ndi ya galimoto yaing'ono kale. Ndi M180, ya petulo, masilinda 6, malita 2.2, banja limodzi ndi ya mu Mercedes 220. Ma horsepower cha m'ma 80 basi, koma ikukoka chigalimoto cha pafupifupi matani 3, n'kusenzanso tani ndi theka pamwamba. Chimachititsa zimenezo ndi magiya. Pali a mu giyabokosi, 6 opita kutsogolo ndi 2 obwerera, pali a mu difu, ndiyeno patayala lililonse pali kabokosi kenanso ka magiya, kaja kamakweza ekiselo m'mwamba kuti isagunde miyala. Amati ma portal. Paliponsepo liwiro likuchepetsedwa kuti mphamvu ichuluke. N'chifukwa chake ukafika pa makilomita 90 pa ola injini imakhala ikukuwa kale, ndipo malire ake ndi cha m'ma 95.

Tsopano LS3. Inatuluka mu Corvette ya 2008, V8 ya malita 6.2, ma horsepower 430. Kuwirikiza kasanu, msuweni. Amalume anangowirikiza kawiri, ndipo wamva zimene zinachitika. Mphamvu yopotokola ija, torque, ndi yoposa katatu imene giyabokosi yako imalandira kuchokera ku injini yakoyo. Kukwana? Munthu wa grinder ndi makina owotcherera amakwanitsa chilichonse, ungadule apa, ungasunthe apo, lediyeta n'kuifunira malo ena. Magetsi akonso ndi a 24 volts, pamene kompyuta ya injini imeneyo imafuna 12, ndiye pali ntchito ya mawaya. Zonsezo zimatheka. Ine sindikuopa zimenezo.

Chimene ndikufuna umve ndi ichi: chikukuchedwetsa pamsewu si kuchepa kwa injini kokha, galimoto yonseyo inamangidwa kuti iziyenda pang'onopang'ono. V8 ingazungulire mofulumira kuposa yakoyo, inde, ndipo mwina ungaone 120 pa wotchi. Koma timabokosi ta patayala tija timalowa mafuta ochepa, ukatithamangitsa maola ambiri timatentha. Mabuleki ako ndi a ma drum, ngati a amalume aja. Chigalimotocho n'chachitali, masipuling'i ake ndi ofewa kuti chizipindika pamiyala, ndiye pakona chimapendama. Matayala a zibuluma aja nawonso ali ndi liwiro lawo lolembedwa m'mbalimo, kawerenge. Ndiye iwe uli pa 120, alamu pambali, ana kumbuyo, kutsogolo kwatulukira chinthu... ayi, sindimaliza, wamva.

Ngati ukufuna kamphamvu kowonjezera kuti pachitunda usamatsike mpaka giya yachitatu, ilipo njira imene a Mercedes eni ake anadutsamo. Ma 404 ena anatuluka ndi M130, ya malita 2.8, ma horsepower 110. Ndi m'bale wake wa injini yakoyo, ndipo giyabokosi imaipirira. Imeneyo ndingabwere kudzakugwirira tochi ndi mtima wonse. Koma ngakhale imeneyo sikufikitsa nthawi imodzi ndi ife, ndisakunamize. Galimotoyo ndi ya m'matope ndi m'miyala, msuweni, magiya ake, mabuleki ake, msinkhu wake, zonse zinapangidwira kuyenda modekha, ndipo injini yokha singasinthe zimenezo. Paja chaka chatha, tsiku la mlatho lija, anatikoka tonse ndani? Si iwe ndi ma horsepower 80 akowo?

Hee, ndalankhula kwambiri, batire ikutha. Ndibwereze komaliza, poti iwe umamva ndi khutu limodzi: Corvette ikhoza kulowa, koma chimene chikukuchedwetsa chili pansi pa galimotoyo, m'magiya ndi m'mawilo, ndipo chidzatsala pomwepo. Ulendo ukubwerawu udzanyamuke m'mamawa, alamu ndi ana adzakwere ndi ife. Ndipo Loweruka uchotse tayala limodzi lakutsogolo, utsegule drum, unditumizire chithunzi cha ma lining a mabuleki ndione mmene atsalira. Uwonenso mafuta m'timabokosi tonse tinayi. Upereke moni kwa alamu.